Zenera la m'Chipinda cha Apongozi

Lolemba

Kukuzizira! Nairobi yense wakwinya nkhope, ine ndekha ndikumwetulira ngati ndatola chikwama. Pa siteji ya maminibasi, amene kuno amati matatu, anthu avala majuzi awiriawiri, aliyense akungoti "baridi, baridi," ndiye kuzizira kumeneko m'chilankhulo chawo. Dzuwa silinaoneke chiyambire Lachinayi lapitali. Mulungu apitirize.

Makina ayaka 9 koloko m'mawa uno. Ndilembe bwinobwino, kuti Tiyamike akadzakula adzawerenge mmene bambo ake anayambira. Ndi makadi a kompyuta asanu ndi limodzi, ndawamangirira pa shelefu ya nsapato. Ndinagula kwa mkulu wina wa ku Kangemi amene anatopa nawo. Ntchito yawo ndi kuwerengera masamu osapuma, ndipo malipiro ake ndi tindalama ta pa intaneti tija amati kiripito. Odziwa amati kukumba. Vuto ndi limodzi: akamakumba amatentha ngati chitofu. Akatentha kwambiri amayamba ulesi, akapitirira pamenepo amapsa. Anzathu olemera amagula makina ena oziziritsira makinawa. Ine ndili ndi Julayi, ndipo Julayi ndi waulere.

Zida zanga:
- katoni ya firiji, ndaipinda kukhala chipaipi chochokera pazenera kukafika pa mafani
- neti yakale ya udzudzu, yosefera fumbi
- selotepi, mipukutu itatu
- zenera la chipinda cha alendo, loyang'ana komwe kumachokera mphepo
- mutu wangawu

Foni imandionetsa kutentha kwa makadi. Pakali pano madigiri 54, nambala yobiriwira. Ndavina m'kolido, koma chamumtima, chifukwa Tiya wangogona kumene.

Mkazi wanga Mphatso, maso ali psuu ndi tulo ta masabata atatu: "Mayi akufika mawa, ndipo chipinda chimenecho ndi chawo. Mwaiwala?"

Sindinaiwale, ndinawerengera kale. Apongozi anga ndi a ku Dedza. Munthu amene anakulira m'tsinde mwa phiri lija, wosamba madzi a pamjigo mu Juni, angaope kamphepo ka kuno ku Madaraka? Adzangomva ngati ali kwawo.

Tsopano zoona zake, popeza bukuli ndi langa. Zaka ziwiri chibwerere kuno, wopita ku ofesi ndi Mphatso. Ine chikalata changa chimati ndinangotsagana naye, sindiloledwa kulembedwa ntchito. Ndimaphika, ndimakolopa, amayi ogulitsa masamba pakona amandidziwa. Sabata iliyonse pa foni apongozi amafunsa funso limodzimodzi: "Nanga abambo, apeza chochita?" Ndimalimva ndili kukhitchini, ndipo limandiwawa. Mawa alowa m'chipindamo, aona timagetsi tikuphethira, afunsa okha. Ndikufuna tsiku limodzi lokha ndidzawamve akuuza munthu kuti mkamwini wawo amagwira ntchito.

53 tsopano. Akutsika!

Lachiwiri

M'mawa 52. Ndawapatsa moni makadi onse, lililonse palokha.

Masana ndakawatenga apongozi ku bwalo la ndege. Atuluka atavala juzi, jekete, mpango kumutu, chipewa pamwamba pa mpango, ndi zitenje ziwiri. Tapatsana moni, ine nditawerama, iwo akuyang'ana kumbali monga mwa masiku onse. M'galimoto alankhula ndi Mphatso pa foni yanga: "Kuno mukukhalako bwanji? Ku Dedza kumazizira, inde, koma dzuwa limatuluka." Masamu anga agwedezeka pang'ono koma sanagwe.

Katundu wawo: ufa woyera, usipa chigoba chodzadza, kachewere (ngati kuti ku Kenya kulibe mbatata), mabulangete awiri, ndi mtolo wa matewera ansalu.

Ndanyamula sutikesi mpaka pakhomo la chipinda cha alendo, ndipo pamenepo miyendo yaima yokha. Ndi pomwe ndakumbukira chinthu chimene mwana aliyense wa kwathu amachidziwa: mkamwini salowa kuchipinda kwa apongozi. Dzulo chinali chipinda cha alendo. Chiikireni chikwama chawo cha m'manja pabedi, ndi kuchipinda kwawo. Ndinawerengera mphepo, magetsi, fumbi, zonse. Ichi chokha ndinachidumpha. Sutikesi ndaisiya pakhomo, Mphatso waikokera mkati.

Patapita mphindi khumi ndamva selotepi ikumatuka. Kenako zenera likutsekedwa, ndi kachitsulo kake komwe.

58. 63. 67.

Ine ndi apongozi timalankhulana moni basi, nkhani zina zonse zimadzera mwa Mphatso. Ndamutuma kuti akafotokoze za zenera. Wabwera akumwetulira: "Akuti zikomo kwambiri chifukwa cha mbaula. Akuti sanayembekezere kuti mungawaganizire chonchi."

Zikomo, kwa ine! Zaka zinayi za banja sindinalandirepo. Pa ukwati pomwe anangogwedeza mutu. Ndalowa m'bafa kukamwetulira pagalasi kuti asandione. Ndi zoona akuti mbaula, koma dzina tikonza pang'onopang'ono. 69 si zoopsa, ndipo mlendo ndi mame. Mawa ndifotokoza bwino.

Lachitatu

71. Nambala yasanduka yachikasu. Chikasu si mtundu woipa, nthochi yakupsa ndi yachikasu.

Nzeru yatsopano, yabwera ndikutsuka mbale. Mafani ndingathe kuwalamula pa foni. Ndikawakweza mpaka mapeto, phokoso likula, apongozi adandaula, ndiye ine ndinena modzichepetsa kuti mankhwala ake ndi kutsegula zenera. Nzeru zoterezi saphunzitsa kusukulu. Ndakweza. Nyumba yonse ikulira ngati chigayo cha dizilo.

Ndadikira dandaulo ola limodzi, maola awiri. Zii.

Chachitika ndi ichi. Tiya, amene chibadwire sanagonepo maola awiri otsatizana, wagona maola anayi pabedi la agogo ake, pafupi ndi chigayocho. Mphatso nayenso wagona pasofa, kukamwa kuli yasa. Atadzuka wandigwira dzanja ndi manja ake onse: "Chilichonse chimene mwachita, musasinthe." Mthenga wanga yekhayo wapita kwa adani.

Ndayesabe. Mmene uthenga wayendera:

Zimene ndanena: "Muwauze kuti makinawo amafuna mpweya wakunja, zenera likhale lotsegula ngakhale pang'ono."

Zimene Mphatso wanena, ndamva ndili m'kolido: "Akufunsa ngati mpweya ukukukwanirani m'menemo."

Zimene zabwerera: "Akuti ukukwana. Akuti abambo ndi munthu wosamala. Timabowo ta pamwamba pa zenera atsekamo nyuzi, musade nkhawa."

Wosamala. Dzulo zikomo, lero wosamala. Ndikapitiriza chonchi, pofika Loweruka andisiyira munda. Nyuzi amatira ndi selotepi yanga yomwe, mpukutu wachitatu.

76.

Lachinayi

Matewera. Apongozi sakufuna ogula otaya aja, akuti amawotcha mwana. Ansalu okha. Dzulo achapa khumi, ayanika pakhonde, ndipo lero m'mawa ali mmene analili dzulo. Mu Julayi kuno chovala chimatha masiku atatu pachingwe, n'kuchotsedwa chikununkha chinyezi. Julayi wanga yemweyo.

Cha m'ma 10 koloko foni yayamba kuthamanga. 79, 82, 84. Yofiira. Mphatso watuluka m'chipinda akuseka: "Thewera likuuma mphindi makumi awiri! Mayi akuti chinthu chimenechi chikanakhalako nthawi yawo, akanabereka khumi." Ayanika pamwamba penipeni. Khadi lililonse lili ndi thewera lake.

Makadi awiri ayamba ulesi. Kiripito ikungodontha ngati mpopi wakutha.

Masana mwayi wapezeka. Apongozi ndi Mphatso alowa m'bafa kukasambitsa Tiya, chitseko cha chipinda asiya chotsegula. Mwambo umati usalowe. Sunanenepo kanthu za ndodo. Ndalumikiza mpini wa mopu ndi mpini wa tsache, ndaima zala zakumapazi zili kunja kwa chitseko, ndatambasula mkono. Ndafika pabedi. Ndafika pakatani. Ndafika pa kachitsulo ka zenera! Ndakankha, ndodo yaterereka, yakola chingwe chimene amanga kuchokera pazenera kukafika pawadiropu, ndipo pobwerera yabwera ndi chovala kunsonga.

Si thewera.

Sindilemba kuti n'chiyani, ngakhale bukuli ndi langa. Ndingoti n'choyera, chili ndi tokongoletsa m'mphepete, ndipo mkamwini amayenera kufa ndi ukalamba asanachione. Ndatsinzina. Ndabweza ndodo mkati ndili chitsinzinire, ndaigwedeza mpaka yapepuka. Komwe chagwera sindinaone. Foni ikuti 88, ndiye ndikuganiza kuti ndikudziwa.

Madzulo Mphatso: "Mayi akudabwa kuti mphepo ikulowera pati, yawagwetsera zovala pachingwe. Awonjezera nyuzi."

Chakudya ndadyera kukhitchini, choimirira. Sindingathe kuwayang'ana ngakhale kumapazi.

Lachisanu

Ndadzuka ndi mphamvu zatsopano! Zenera lili ndi mbali ziwiri. Mbali yamkati ndi kuchipinda kwa apongozi. Mbali yakunja ndi Kenya, ndipo ku Kenya ndimaloledwa kuyenda.

Pulani: timabowo tija atsekamo nyuzi tili pamwamba pa zenera. Ndikakankha nyuzizo ndi waya kuchokera kunja, mphepo ilowa yokha, palibe wolakwa. Nyumba yathu ili m'mwamba kamodzi kokha. Ndabwereka makwerero kwa mmisiri wa mapaipi amene akugwira pa buloko yathu sabata ino. Wandifunsa ngati ndataya kiyi. Ndati ayi, ndikufuna kufika pazenera la apongozi anga. Wandiyang'ana nthawi yaitali, wati "pole," ndiye pepani wawo ameneyo, wachoka osandigwirira makwerero.

Ndakwera masitepe asanu, waya kukamwa. Limodzi lina, mutu ufika pagalasi.

"Mwadzuka bwanji, bambo a Tiya?"

Mayi Kamanga. Amakhala buloko yoyang'anana nafe, timapemphera nawo, ndipo ali pa gulu lililonse la pa foni la Amalawi a mu Nairobi. Aima pakhonde lawo, kapu ya tiyi m'manja, ngati agula tikiti.

"Kumeneko si kumene akugona amayi?"

Ndalavula waya, ndati ndikuona ngati pali zisa za mavu.

"Mu Julayi?"

Ndatsika msanga kuposa mmene ndinakwerera. Ndi pansi pomwe ndadziona mmene ndimaonekera: bambo wandevu zake, pamakwerero, pazenera la apongozi, 8 koloko m'mawa. Nkhani yotere ingafike ku Dedza ine ndisanabweze makwerero kwa mwini wake. Ndathamangira kukhitchini, ndapungula usipa mbale yodzadza, ndawapititsira. Kuno usipa ndi wamphamvu kuposa kiripito. Alandira ndi manja awiri: "Mavu ndi oopsa ndithu, mwachita bwino. Mawa tikubwera kudzaona mwana, tilipo asanu ndi awiri."

89. Ndakhala pampando ndikuyang'ana batani lozimitsira, lili pa foni pomwepa. Ndikadina, makadi apulumuka. Koma chigayo chileka, Tiya adzuka, matewera sauma, ndipo munthu wosamala uja athera pomwepo. Ndingathenso kuwachepetsa mphamvu, koma pamenepo sakumbanso chooneka, ndiye kuvomera ndi manja anga kuti ndi mbaula. Sindinadine chilichonse. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Makadi ndi olimba, mkulu wa ku Kangemi anatero.

Masana apongozi andisungira kachewere wokazinga m'mbale yovundikira. Akuti ndikuoneka wotopa ndi ntchito. Ntchito! Anena okha, Mphatso walumbira kuti sanawonjezere.

Loweruka

Amayi asanu ndi awiri afika 2 koloko, ndi mabeseni, sopo ndi tizipewa toluka. Kunja kukuwaza. Pabalaza akhala mphindi zisanu zokha. Kenako apongozi: "Kuno kukuzizira, tiyeni kuchipinda mukaone." Alowa onse, atseka chitseko kuti kutentha kusathawe.

Ine ndili kukhitchini, ndikuphika tiyi wa anthu khumi, foni ndaitsamiza pa chitini cha shuga. Zimene zikumveka kudzera pachitseko:
- "Kufunda kwake, ngati ku Nsanje."
- "Masokosi anga anyowa panjira, ndingaike apa?"
- "Sunthani thewera ilo, malo alipo."
- "Nanga juzi yangayi?"
- nyimbo, mavesi onse anayi

90. 92. 94. Ndikuseka ndekha, sindikudziwa chifukwa chake. Mkaka wasefukira.

Kenako kafungo ka pulasitiki. Kenako chete. Pa foni palibe nambala iliyonse. Chigayo chaleka, ndipo Tiya wayambira pomwe chalekera.

Alendo sanachedwe, atsanzika masokosi ali m'manja. Ndatsala ndi makapu khumi ndi mtima wolemera. Ndamva mapazi. Apongozi aima pakhomo la khitchini, mwana ali m'manja, akuyang'ana firiji osati ine.

"Abambo, mbaula yanu yazima, ndipo mwanayu azizidwa. Ine ndikhala pabalaza, inu lowani mukaikonze. Ntchito ya manja anu mukuidziwa ndinu."

Onsewo mawu a kwa ine, osadzera mwa munthu. Ndangoti "chabwino, amayi."

Ndavula masilipasi pakhomo. Maso ndawalamula kuti aone pansi ndi pamakina pokha. Katoni yanga ili pansi pa sutikesi, yopindidwa bwino, kuti sutikesi isagwire chinyezi. Pamakina ndachotsapo matewera anayi, sokosi imodzi yopanda mwini, ndi kansalu koluka kokongoletsera, kamene akuoneka kuti anayalapo mwaulemu. Makadi awiri apsa. Anayi ali moyo.

Zenera lili apa, mkono umodzi, ndipo palibe akundiona. Kunja mphepo ikugwedeza mitengo, yozizira bwino, yaulere. Ndikamatula nyuzi, ndikabwezera katoni, makadi anayi angakumbe mpaka Ogasiti atatha. Dzanja lafika pa kachitsulo.

Pabalaza Tiya akulira, ndipo ndamva apongozi akuuza Mphatso: "Usadandaule, bambo ake akukonza."

Ndachotsa awiri akufawo. Anayi otsala ndawatsitsa mphamvu mpaka pamene angapirire zenera lotseka. Mafani ndawasiya pamwamba, amenewo ndi a Tiya. Ndatenga shelefu yawaya ya mu uvuni, ndaimangirira pamwamba kuti zoyanika zisamagone pamakadi. Ndayatsa. Chigayo chabwerera, ndipo pasanathe mphindi zisanu pabalaza pali zii.

Zenera ndalisiya mmene linalili.

Lamulungu

68, zenera lotseka, matewera atatu pashelefu. Kiripito ya lero singagule ndasi limodzi. Dzuwa silinatulukebe, koma tsopano zilibe kanthu kwa ine.

Tapita kutchalitchi tonse, Tiya atakulungidwa ngati katundu wopita kutali. Titaweruka, anthu aima panja ndi makapu a tiyi. Ine ndaima chapatali ndi chikwama cha matewera. Mayi wina amene sindimudziwa wafunsa apongozi: "Nanga akamwini anu amagwira kuti?"

Ndatchera khutu.

"Amagwirira pakhomo," apongozi ayankha mokweza, kuti ndi akumbuyo omwe amve. "Ndi katswiri wa makina. Anapanga okha chowumitsira matewera, chogonekera mwana, chofunditsira nyumba, zonse chinthu chimodzi. Dzulo chitawonongeka anachikonza ola lisanathe."

Mayi Kamanga: "Ndi mavu omwe amachotsa."

Zimene ndinkafuna Lolemba ndazimva. Ndinkayembekezera kuti penapake padzakhala mawu oti kiripito, koma misozi yabwerabe, ndipo ndanamizira mphepo. Amayi awiri afunsa kale ngati ndingawapangire chawo. Ndati ndiona.

Lachiwiri ndinalemba kuti mlendo ndi mame. Mphatso akuti mame athuwa akhala mpaka Seputembala, dzuwa litabwerera, Julayi wanga atapita kale. Ndati palibe kanthu. Makadi anayi alipo, zenera lilipo, chaka chamawa kudzaziziranso. Munthu wosamala amadziwa kudikira.

Ndikulemba izi kukhitchini, nyemba zili pamoto. Posachedwapa apongozi anaimanso pakhomo, akuyang'ana firiji.

"Abambo, chinthu chija chingalowe mu sutikesi? Mlamu wanu ku Dedza ndi woyembekezera, ndipo kumene kuja kumazizira zenizeni."

Nanenso ndayang'ana firiji.

"Chilowa, amayi. Ndichimasula bwinobwino."

Pafunika katoni yokulungira makadi kuti asasweke panjira. Ilipo kale, ili pansi pa sutikesi yawo.